Zimene a Mafunso Sanalembe

Kampani imene Tsache ankagwirako ntchito inkapanga makina ofungatira mazira. Anali mabokosi aakulu ngati kabati ya zovala, a chitseko cha galasi, ndipo m'kati mwa bokosi lililonse munali kakompyuta kosaposa chikhatho, koyang'anira kutentha ndi chinyezi, n'kumatembenuza mazira nthawi ikakwana. Mlimi ankangoika mazira ake, n'kutseka, n'kudikira masabata atatu.

Ntchito ya Tsache inali pa kakompyutako. Pansi pa mapulogalamu onse a m'kompyuta pamakhala pulogalamu ina imene eni ntchito amaitcha kenelo. Ndiyo imalankhula ndi zitsulo, imagawa nthawi, imadzutsa ichi n'kugoneka icho. Kenelo imabwera ili mulu wa zidutswa zambirimbiri, ndipo munthu amasankha yekha choti chilowe ndi choti chitsale, kenako n'kuimanga kuti ikwane pa makina ake. Kusankhako ndi kumangako kumafuna chida chakechake, chomwenso ndi pulogalamu.

Chida chakale anachilemba bambo wina wa imvi amene aliyense pakampanipo ankawatcha a Mafunso. Dzinali linachokera ku chida chawocho. Ukachitsegula chinkakufunsa mafunso oposa 900, limodzilimodzi, ichi chiyake kapena chizime, ndipo ukalakwitsa pakati unkabwerera ku funso loyamba. A Mafunso okha ndi amene ankafika kumapeto osatukwana. Ankayankha akumwa tiyi, maso ali pawindo, chala chikungodziwa chokha popita.

Tsache atalembedwa ntchito anapirira chida chimenechi zaka ziwiri, kenako anatopa nacho. M'miyezi isanu analemba china. Chake sichinkafunsa kanthu. Chinkawerenga mayankho onse m'fayilo imodzi, n'kuona chokha ngati pali awiri otsutsana, n'kumanga kenelo madzi a tiyi asanawire. A Mafunso ataona mizere yawo yambirimbiri itafufutidwa anauza anzawo kuti asamale, mwana ameneyu ndi tsache, awasesa pamodzi ndi mipando yomwe. Dzina linakhala lomwelo.

Tsiku limene anaonetsa chidacho pamsonkhano, bwana anaomba m'manja yekha. A Mafunso anadikira kuti phokoso lithe, n'kunena pang'onopang'ono kuti chida n'chabwino ndithu, kungoti pali tinthu tina timene iwo amakonza pamanja asanamange, tomwe m'fayilomo mulibe.

"Chimene sichinalembedwe ndiye kuti kulibe, bambo," anatero Tsache pamaso pa onse. "Tilembeni, ndidzatiika."

Anthu anaseka. A Mafunso nawo anaseka, n'kunena kuti akapeza mpata adzalemba. Mwezi usanathe bwana anawasamutsira pa desiki ya pafupi ndi khomo, kuti aziyankha mafoni a alimi. Patatha miyezi inayi anagwa m'bafa kunyumba kwawo m'mawa wina. Adokotala anati ndi sitiroko. Tsache anasaina dzina lake pa khadi lowafunira kuchira, n'kumadziuza kuti kuchipatala apita sabata yamawa, mpaka anamva kuti anawatulutsa.

Chaka chomwecho amene ankawagulitsa kachitsulo koyezera kutentha anasiya kukapanga. Panabwera kena, ndipo kenelo yakale sinkakazindikira. Tsache anamanga yatsopano ndi chida chake, anaiyesa sabata yathunthu, zonse zili bwinobwino. Makina makumi asanu ndi limodzi anatuluka kupita kwa alimi.

Woyamba kuimba foni anali mayi wina woweta nkhuku, amene anagula makina awiri atapuma pa ntchito ya ku positi ofesi. Poti desiki ya pakhomo inalibe munthu, foniyo inafikira kwa Tsache. Mayiwo sanakalipe. Anafotokoza kuti m'mawa umenewo anapeza nyale ikuyaka, sikirini ikuonetsa kutentha koyenera, koma atatsegula chitseko m'kati munali zii ngati mumtsuko. Mazira mazana atatu, kutangotsala masiku awiri. Anati anaswa limodzi n'kupeza kamwanapiye kathunthu, nthenga ndi mlomo womwe, katapinda khosi. Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi, chakuti iwo analakwitsa pati, kuti ulendo wina asadzabwerezenso.

"Simunalakwitse kanthu, mayi," anatero Tsache.

Sabata imeneyo mafoni anafika khumi ndi anayi. Atalemba masiku onse papepala anaona kuti nkhani inali imodzi. Makina ankauma, kungoima osagwiranso ntchito, pa tsiku la 18 chiyatsireni. Sankazima, sankalira, sankadandaula. Kakompyuta kamasunga buku lake la zochitika, ndipo m'buku la makina alionse mzere wotsiriza unali wabwinobwino, wonena kuti mazira atembenuzidwa, kenako panalibenso china.

Anaika makina asanu ndi limodzi m'chipinda cha kuseri, momwe kale ankasungiramo makatoni. Poyamba ankaganiza kuti sabata imodzi imukwanira. Anakankhira wotchi ya kakompyuta kutsogolo kuti kaziyesa kuti masiku 18 akwana, koma sikananamizike, kanangopitiriza kugwira ntchito. Anakapanikiza ndi ntchito zambiri kuti katope msanga, osatheka. Imfa yake inkafuna masiku enieni, dzuwa kutuluka ndi kulowa. Ndiye anafukula chida chakale cha a Mafunso, anakhala tsiku lathunthu akuyankha mafunso aja limodzilimodzi, akukopera m'fayilo ya mayankho imene iwo anasiya. Anamanga, anayatsa, anamata kapepala ka deti pachitseko. Pa tsiku la 18 makinawo anauma pamodzi ndi anzake.

Pamenepo m'pamene anazindikira kuti vuto silinali m'chida chake, silinalinso m'chida chawo. Linali m'tinthu tija ta pamanja.

Kuyambira apo ntchito yake inasanduka kudikira. Ankasintha yankho limodzi pa makina alionse, n'kuyatsa, basi, kwatsala kuwerenga masiku. M'chipindamo munkatentha, munkanunkha utoto ndi mawaya, ndipo mabokosi opanda dzira ankang'ung'udza mofanana, n'kumatembenuza mathireyi opanda kanthu maola awiri alionse. Bwana ankasuzumira pakhomo m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti zili pati. Tsache ankayankha kuti zili pa tsiku lachinayi, kapena lachisanu ndi chinayi. Bwana ankayang'ana makinawo ngati angawafulumizitse ndi maso, n'kuchoka.

Mwamuna wa Tsache anali wometa tsitsi, wa kashopu ka mipando iwiri, munthu woseka ngakhale zinthu zitathina. Anamufunsa tsiku lina akudya kuti ndiye mafunso 900, makina asanu ndi limodzi, masiku 18, adzamaliza ali ndi zidzukulu zingati. Anawonjezera kuti kwawo kunali thadzi lina lakuda limene linkaswa khumi ndi awiri pa khumi ndi awiri, koma sanalionepo likumanga kenelo. Tsache anayesa kuseka, chakudya n'kumutsamwa. Mwamunayo anamupatsa madzi, ndipo nthabwala ya thadziyo sanaibwerezenso.

Panali njira ina yophimbira, imene Tsache ankaidziwa kuyambira pachiyambi, ya kuuza kakompyuta kuti kazizima kokha n'kuyakanso masiku asanu ndi awiri alionse, kasanafike pa tsiku loipalo. Kuzima ndi kuyaka kunkatenga mphindi ziwiri, mazira sangazizire. Anailemba masana amodzi, manyazi akumugwira ngati munthu womata chibowo cha ndowa ndi sopo, ndipo amakaniko anazungulira kwa alimi onse kukaiika. Kwa mwezi umodzi kunali bata. Kenako zinaoneka kuti mwa makina makumi awiri alionse, amodzi akazima sankadzukanso okha, mpaka munthu atazula pulagi n'kuibwezera. Chifukwa chake nachonso sichinadziwike. Anasuntha nthawi yozimayo kuti izikhala teni koloko m'mawa, n'kuuza alimi kuti tsiku limenelo azikhala pafupi.

Kwa a Mafunso anapita Loweruka lina, atanyamula buledi ndi malalanje, laputopu ili m'chikwama. Pa geti anaima kanthawi, akusinthasintha jumbo m'manja.

Anawapeza pakhonde, atawakhazika pa mpando wa manja n'kuwatsamiritsa mapilo. Dzanja lamanja linali pa pilo, lotupa pang'ono, ngati la munthu wina amene analiiwala pamenepo. Pakamwa panali patapendekeka. Koma maso anali omwe aja. Atamuona anamwetulira ndi theka la nkhope n'kunena kuti, "Basi."

Akazi awo, mayi wamfupi wa magalasi amene anaphunzitsa sukulu moyo wawo wonse, anamukokera mpando n'kumufotokozera kuti mawu onse anathawa, anatsala amodzi amenewo. Akafuna madzi amati basi, akamva kuwawa amati basi, mdzukulu akabwera amati basi. Adokotala anati zambiri akumva, kungoti njira yotulukira mawu ndi imene inaduka. Ngakhale mutu sunali wodalirika, nthawi zina ankaugwedeza movomera pamene akufuna kukana.

"Ndiye ndinu Tsache," anatero mayiwo akulandira jumbo. "Ankakutchulani kwambiri. Akaweruka, tsiku lililonse."

Sananene kuti ankamutchula motani, ndipo Tsache sanafunse.

Anacheza za nyengo, za anzawo a ku ntchito, za amene anakwatira ndi amene anasiya. Tiyi atatha Tsache anapempha mayiwo ngati angafunseko pang'ono za ntchito. Mayiwo anayang'ana amuna awo, n'kunena kuti pang'ono pokha.

Anafotokoza zonse bwinobwino, za kachitsulo katsopano, za mazira a mayi woweta nkhuku uja, za buku lopanda cholakwa. A Mafunso ankamvetsera maso ali pa iye. Atangotchula kuti tsiku la 18, nkhope yawo inasintha. Anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, anadzikoka kuti akhale tsonga, pilo n'kugwa pansi.

"Basi," anatero. "Basi, basi, basi."

Ankadziwa. Tsache anaona poyera kuti ankadziwa, kuti anakumana nacho chinthuchi kalekale, mwina iye asanamalize sukulu, n'kuchigonjetsa, n'kuchisiya m'zala zawo. Yankho linali pamenepo, pamtunda wongotambasula mkono.

Anawapatsa cholembera ndi kope. A Mafunso anachigwira ndi dzanja lamanzere, analemba mzere, kenako kozungulira, kenako china chofanana ndi chilembo koma chosatha. Anayang'ana zimene analembazo modabwa, ngati cholembera chawanamiza. Anayesanso, pepala n'kubooka.

Ndiye Tsache anatsegula laputopu n'kuiika pa miyendo yawo. Anatulutsa mndandanda wonse wa mafunso aja, n'kuwauza kuti iye azitsitsa pang'onopang'ono, iwo akaona malo amugwire mkono. Anadutsa gawo la magetsi, gawo la zosungira, gawo la mawaya olumikizira. Atafika pa gawo la nthawi ndi mawotchi, dzanja lawo linamugwira pamkono mwamphamvu mpaka kuwawa. M'gawo limenelo munali mafunso makumi anayi. Anayamba kuwalozera limodzilimodzi.

"Ili, bambo?"

"Basi."

"Nanga ili?"

"Basi."

Pa lina ankagwedeza mutu, pa lina ankapukusa, akabwerera pa lomwe lija ankachita zosiyana. Chala chawo chinkanyamuka kuti chiloze, n'kumangoyendayenda pa galasi osaima. Mpweya unayamba kuwathera. Malovu anatsika pa ngodya ya pakamwa, kenako misozi, ndipo analira mokweza ngati mmene amalirira munthu wamkulu amene sanazolowere kulira. Tsache anali atayamba kale kunena kuti ayesenso kamodzi kokha pamene dzanja la akazi awo linafika n'kutseka laputopu.

"Kwa lero zakwana," anatero, akuwapukuta amuna awo kumaso ndi kansalu. Sanakweze mawu. "Munali nawo zaka zitatu akulankhula, mwana wanga."

Mu minibasi pobwerera Tsache anakhala pawindo, chikwama chili pachifuwa. Pamkono panali zizindikiro zinayi za zala. Kondakitala anamufunsa kawiri kumene akutsikira.

Lolemba anagawa mafunso makumi anayi aja m'magulu a asanu ndi limodzi. Maulendo asanu ndi awiri, uliwonse wa masiku 18, miyezi inayi ndi masiku ena. Ankadziwanso kuti mwina si funso limodzi, mwina ndi awiri oyendera pamodzi, mwinanso si funso n'komwe koma nambala ina imene a Mafunso ankasintha m'kati mwa kenelo yeniyeniyo. Mwinanso anamugwira mkono chifukwa choti anatopa. Koma china choti achite panalibe, ndiye anamanga, anayatsa, anamata timapepala.

Ulendo woyamba onse anauma pa tsiku lake. Wachiwiri chimodzimodzi. Ali pakati pa wachitatu anadzilimbitsa mtima n'kupitanso kunyumba kuja, ulendo uno laputopu ataisiya. Anapeza mawindo opanda makatani, pakhonde posesedwa. Mayi woyandikana nawo, akuyanika zovala, anamuuza kuti mwana wawo wamkazi amene ndi namwino anabwera ndi lole kudzawatenga, kuti akakhale naye ku tauni ya kutali kumene amagwira ntchito. Anamupatsa nambala ya foni.

Anaimba ali pomwepo pa geti. Akazi a a Mafunso anayankha mwaulemu, anati anafika bwino, abambo akudya bwino, madzulo amawayendetsa pabwalo. Tsache anapempha kuti awaikire foni pakhutu. Anamva kupuma kolemera. Anawalonjera, kenako ananena zimene sananene pakhonde paja, kuti pamsonkhano uja analankhula mwachibwana, kuti akanayenera kukoka mpando n'kukhala pambali pawo tsiku limene ankamanga, n'kuona zala zawo. Anati pepani, bambo.

Kenako anamva kuti, "Basi."

Sanadziwe ngati akuti zatha, usadandaule, kapena akuti siya, usandivutitse. Mwina ankafuna madzi. Akazi awo anatenganso foni n'kunena kuti abambo atopa, zikomo poimba.

Mafunso makumi anayi aja anatha nyengo yozizira itayamba, ndipo makina anali akuumabe pa tsiku lomwelo. Bwana sanakalipe. Anangonena kuti chipinda cha kuseri chikufunika, makatoni akunyowa panja, asiyemo makina awiri okha ngati akufunabe kuyesa. Anati njira yozima ndi kuyaka ija ikuthandiza, alimi ambiri akuswetsa, madandaulo achepa, ndipo pali ntchito zina zimene zikumudikira. Tsache anafuna kutsutsa, koma pofufuza m'mutu anapeza kuti alibe tsiku limene angalonjeze. Anathandiza yekha kutulutsa makina anayiwo.

Chida chake chinapitiriza kugwira ntchito, chofulumira, chaukhondo, aliyense akuchiyamikira. Kenelo iliyonse imene chinkamanga inkatuluka ndi matenda omwewo m'mimba.

Mayi woweta nkhuku uja kampani inawabwezera mazira, ndipo anayambiranso. Koma mtima sunakhazikike. Lachitatu lililonse, itatsala pang'ono kukwana teni koloko, ankaimbira Tsache pa foni yake ya m'manja. Ankati akudziwa kuti akumuvutitsa, koma akakhala okha pa mphindi ziwiri zimenezo amachita mantha. Tsache anawafotokozera kangapo kuti ali kutali, kuti makina akakana kudzuka iye palibe chimene angachite, iwo omwewo ndi amene angazule pulagi n'kuibwezera. Mayiwo anati akudziwa, angokhala pa foni.

Ndiye ankatuluka mu ofesi n'kukaima pa masitepe a kuseri, pomwe panalibe phokoso. Pa foni ankamva kung'ung'udza kwa makina, ndi nkhuku zikulira patali. Teni koloko ikakwana kung'ung'udzako kunkaduka.

"Azima," ankatero mayiwo motsitsa mawu.

"Tidikire, mayi."

Tsache ankayang'ana wotchi yake, muvi wa masekondi ukuzungulira kamodzi, n'kuyambanso kachiwiri. Ankadziwa mzere uliwonse umene kakompyutako kankadutsa pa nthawiyo, chimene chimadzuka choyamba ndi chimene chimatsatira, ndipo kudziwako sikunkamuthandiza kanthu. Ankangozindikira kuti wagwira chitsulo cha masitepe ndi manja onse awiri, foni ataipanikiza ndi phewa.

Lachitatu lina mphindi ziwiri zinadutsa kuli chete. Inadutsa yachitatu. Anawauza mayiwo kuti azule pulagi, awerenge mpaka khumi, abwezere. Anamva masilipasi akuthamanga pa simenti, chinthu china chikugwa, mayiwo akuwerenga mokweza n'kudumpha zisanu ndi chimodzi. Kenako makina anatsokomola n'kuyamba kung'ung'udza. Mayiwo anaseka, mpweya uli m'mwamba, n'kunena kuti tsiku lina adzafera pamenepo ndi mazira omwe.

Ulendo umenewo anaswa anapiye mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi. Mayiwo anamutumizira chithunzi, thireyi yodzaza tinthu tachikasu tonyowa, ndi uthenga womufunsa ngati matenda a makina aja anawapeza. Tsache analemba yankho lalitali, analifufuta, n'kulemba kuti ayi mayi, sindinawapeze. Anatumiza, anabwerera pa desiki yake, n'kutsegula ntchito ina imene bwana anamupatsa, ya makina oumitsira zipatso.